Kulondola mtundu wanu pamene dzina limodzi lili ndi eni ake ambiri

Mu Blantyre muno mukaima pa Wenela kapena pamsika wa Limbe n'kufuula kuti "a Phiri!", otembenuka amakhala ambiri. Mukawafunsa kwawo mupeza wina ndi wa ku Dedza, wina wa ku Chikwawa, wina wa ku Kasungu, ndipo palibe amene akudziwa agogo a mnzake. Limeneli ndi vuto laling'ono. Lalikulu lili m'banja mwenimweni, mmene dzina la agogo analipereka kwa mdzukulu woyamba, amalume nawonso n'kutcha mwana wawo dzina lomwelo, kenaka msuweni wa ku Bangwe n'kuchitanso chimodzimodzi. Pakapita zaka 40, anthu anayi aja m'kamwa mwa abale amasanduka munthu mmodzi: anapita kunkhondo, anagwira ntchito kunjanji ku Limbe, anakwatira katatu, ndipo anamwalira kawiri.

Zimaseketsa mpaka tsiku limene mwapatsidwa ntchito yolemba mbiri ya malemu yokawerenga pamaliro, kapena mukufuna zaka zolemba pachiliza, kapena nkhani ya munda yafika pabwalo la amfumu, kapenanso mwana wanu wabweretsa chibwenzi cha dzina lokayikitsa. Njira imene ndikufotokoza pano yagona pa mfundo imodzi. Munthu aliyense amene mwamupeza, mumupezere zinthu zitatu kuwonjezera pa dzina: mayi amene anamubala, mudzi ndi mfumu yake, ndi nyengo imene anakhala ndi moyo. Anthu awiri akhoza kufanana dzina ndi chiwongo chomwe, koma n'kovuta kuti afanane zitatu zonsezi.

Yambani ndi kope, ndipo muyambire pa inu

Gulani kope lachikuto cholimba, lija amalembamo ngongole pagolosale. Foni ithandiza kujambula mawu ndi zithunzi, koma foni imabedwa muminibasi. Munthu aliyense mumupatse tsamba lakelake ndi nambala yake: inu 1, mayi anu 2, bambo anu 3, kenaka agogo a mbali zonse ziwiri. Nambalayo ndi imene idzakupulumutseni mukadzafika pa anthu atatu a dzina limodzi.

Bwererani m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, osadumpha. Ambiri amayambira kumwamba, pa kholo lotchuka limene amamva kuti linachokera ku Mozambique kapena linali nduna ya mfumu yaikulu, n'kumayesa kutsika kuti afike pa iwo eni. Njira imeneyo imalowetsa alendo mumtundu, chifukwa paliponse pamene pali mpata munthu amangotsekapo ndi aliyense wa dzina lofanana.

Zimene mwatsimikiza lembani ndi bolopeni, zongomva lembani ndi pensulo. Pambali pa mfundo iliyonse muikepo amene wakuuzani ndi tsiku limene wanena. Pakatha chaka simudzakumbukanso ngati zoti agogo anabadwira kwa Kuntaja munazimva kwa azakhali kapena munangoganiza nokha.

Dziwani kuti dzinalo ndi la mtundu wanji

Musanapite kulikonse, khalani pansi ndi dzina limene likukusokonezanilo, muone kumene linachokera. Kuno kwathu mayina amafanana pa zifukwa zosiyana, ndipo chifukwa chilichonse chili ndi funso lake.

Ngati ndi chiwongo monga Banda, Phiri, Mwale, Mbewe kapena Nkhoma, dziwiranitu kuti mulipo ambiri kuno, ku Zambia ndi ku Mozambique komwe. Anthu a chiwongo chimodzi amalemekezana ngati abale, ndipo ndi bwino ndithu, koma si onse amene angalowe m'kope lanu. Kwa amayi nkhani imavuta koposa. M'mudzi umodzi mukhoza kukhala a Naphiri asanu ndi a Nambewe atatu, ndipo adzukulu ambiri sadziwa dzina lenileni la agogo awo aakazi chifukwa kulitchula kunali kupanda ulemu. Funsani dzina lawo la pa utsikana. Funsaninso kuti chiwongocho anatengera kwa yani, popeza kwina chimatsata bambo pamene m'midzi ina ya Achewa kale chinkatsata mayi.

Kuno kummwera kuli mchitidwe wina wofala pakati pa Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja: dzina loyamba la bambo limasanduka dzina lachiwiri la mwana. Ndiye kuti dzina la banja limasintha m'badwo uliwonse. Ana a mimba imodzi mungawapeze ndi mayina achiwiri osiyana, wina analembetsa kusukulu ndi dzina la bambo, wina la agogo, wina la amalume amene ankamulipirira fizi. Komanso anthu awiri a dzina lachiwiri lofanana akhoza kukhala kuti abambo awo anangofanana dzina la ubatizo, osadziwana n'komwe. Apa funso ndi lakuti: dzinali anayamba kulitenga ndani, ndipo iyeyo linali loyamba kapena lachiwiri?

Palinso kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, wolowa ufumu amatenga ndi dzina lomwe. Kapeni, Machinjiri, Somba, Kuntaja, Kunthembwe, onsewa ndi mayina amene adutsa pa anthu angapo. Kwa mafumu aakulu manambala amathandiza. Gomani amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, Philip Gomani amene anakana chitaganya mu 1953, ndi Gomani wachisanu wa lero, palibe amene angawasokoneze. Koma nyakwawa ya m'mudzi mwanu ilibe nambala. Agogo akanena kuti "munda uwu anatipatsa ndi amfumu", muyenera kudziwa kuti ndi amfumu ake ati, amene alipowa, amalume awo, kapena amalume a amalume awowo. M'mabanja wamba namonso mdzukulu kapena mphwake wa malemu amatha kulowa dzina, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu amamutchula ngati kuti ndi mwini wake uja.

Chomaliza ndi chosiyana ndi zonsezi: munthu mmodzi wa mayina anayi, amene m'kope angaoneke ngati anthu anayi. Anali ndi dzina la m'chikuta, analandira lina kuchinamwali kapena kujando, lina pa ubatizo, lina kuntchito. M'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje kalaliki ankalemba zimene khutu lake lamva, makamaka kwa Alhomwe amene anali atangolowa kumene kuchokera ku Mozambique. Nthawi imene malo a kusekondale anali ochepa kwambiri, ana ambiri ankabwereza Sitandade 8, ena ndi dzina latsopano kapena la m'bale wawo, ndipo dzina limenelo ndi limene linakhazikika pa masetifiketi mpaka pa penshoni. Mayi naye amadziwika ndi chiwongo, ndi dzina la mwamuna, ndiponso kuti "amake a uje". Mayina onsewa muwalembe pamwamba pa tsamba limodzi, lililonse ndi malo amene linkagwira ntchito.

Pitani kwa akuluakulu

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo musachedwe, chifukwa anthu ake sakucheperachepera msinkhu.

Yambani ndi mwinimbumba. Ndi mwambo, ndipo si bwino kuti amalume amve kwa ena zoti mukuyendayenda kufunsa za makolo. Koma odziwa kuti mwana uyu anabadwa kwa yani kawirikawiri ndi amayi okalamba: agogo aakazi, azakhali, ndi amayi amene anali azamba kapena anamkungwi. Abambo amakumbukira za minda, milandu ndi maulendo. Amayi ndi amene analipo m'chikuta.

Musapite chimanjamanja. Shuga, sopo, mchere, ngakhale chitenje ngati thumba likulola. Ngati n'kotheka mugone konko, ndipo tsiku loyamba kope likhale m'chikwama. Munthu akachokera m'tauni ndi kope m'manja n'kumafunsa za makolo, kumudzi amaganiza chinthu chimodzi chokha, choti akufuna malo. Nenani poyera chimene mwabwerera, kuti mukufuna ana adzadziwe kwawo. Pemphani chilolezo musanatsegule foni kuti ijambule mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: nkhani zenizeni zimatuluka madzulo pokonola chimanga kapena posenda mtedza, osati pa mpando wa alendo.

Kafunsidwe nakonso n'kofunika. Mukafunsa kuti "si omwe aja anapita ku Joni?", wokalamba amangovomera kuti asakukhumudwitseni. Musawaike yankho m'kamwa. Tiyerekeze kuti dzina lovutalo ndi Yohane:

"Agogo, a Yohane m'mudzi muno analipo angati?"

"Aa, mwana iwe, ambiritu. Panali mlongo wanga uja anapita ku Joni, panali wa njinga, ndiye uyu wamng'onoyu ali ku Ndirandeyu."

"A njingawo mayi awo anali ndani?"

"Mwana wa mayi aang'ono ameneyo."

"Nanga a ku Joniwo, inu ndi iwo bere limodzi?"

"Bere limodzi. Ndife opondana, wamkulu ndi iyeyo."

M'mafunso atatu okha mwapeza anthu atatu, amayi awiri, ndi ndondomeko ya kubadwa. Mwapezanso dzina loti "wa njinga". Mayina oterewa, wa njinga, wamfupi, wa kudambo, wa malata, musawataye poganiza kuti ndi nthabwala. Ndi mmene mudzi wokha unkasiyanitsira anthu ake, ndipo wokalamba wina aliyense mukamutchulira adzadziwa msanga amene mukunena.

Chenjerani ndi mawu a chibale. Kwa ife mwana wa mayi aang'ono ndi mchimwene kapena mchemwali basi, mng'ono wa bambo ndi bambo, ndipo palibe amene amaona chifukwa chofotokozera. N'chifukwa chake pa dzina lililonse muzibwereza mafunso awiri awa mopanda manyazi: mimba imodzi? Bambo mmodzi? Mukatero mitala imaonekera, ana opeza amaonekera, ana oleredwa ndi agogo makolo awo atamwalira amaonekera, ndiponso ana obadwa m'chokolo, amene ena amatchulidwa ndi dzina la malemu pamene wowabala ndi mng'ono wake.

Mayi aliyense mumutchulire ana ake onse mwandondomeko, kuyambira woyamba mpaka chitsirizira, ndi amene anatisiya ali akhanda omwe. Funsani zimenezi mofatsa, si nkhani yopepuka. Koma nthawi zina chinsinsi cha mayina awiri chimakhala pamenepo: mwana anamwalira, wobadwa pambuyo n'kupatsidwa dzina lomwelo. Dzina ngati Masiye kapena Maliro nalonso limaloza chimene chinachitika pa nthawi ya kubadwa, choncho funsani kuti anamwalira ndani.

Mukamaliza ndi wokalamba mmodzi, kafunseni wina payekha, makamaka wa bere lina. Akasiyana musasankhe amene mumamukonda. Lembani zonse ziwiri ndi pensulo.

Sandutsani nkhani kukhala zaka

Agogo ambiri sangakuuzeni chaka, koma angakuuzeni zimene zinkachitika. Pachikuto cha kope lembani zaka zodziwika kuti muziyezera. Nkhondo ya Chilembwe inali mu Januwale 1915. Mliri wa fuluwenza unali mu 1918 ndi 1919. Napolo wa ku Zomba anatuluka mu Disembala 1946. Njala yaikulu imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre inali ya 1949. Kamuzu anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo anamangidwa pa 3 Malichi 1959. Ufulu unabwera mu 1964, kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971, Papa anabwera mu 1989, napolo wa ku Phalombe anali mu 1991, riferendamu mu 1993.

Kenaka funsani msinkhu wa munthuyo pa nthawiyo. Anali kumsana? Akukwawa? Akuweta mbuzi? Atavinidwa? Ali ndi ana angati? Mwana amene anali atangoyamba kuyenda pa njala ya 1949 anabadwa cha mu 1947 kapena 1948, ndipo zimenezo n'zokwanira kumusiyanitsa ndi mnzake wa dzina lomwelo amene pa njalayo anali kale ndi banja. Mungotsimikiza kuti ndi njala yake iti, popeza kunalinso ya 1922 ndi ya 2002, ndipo napolo naye ndi awiri.

Mukapeza zaka, chitani masamu. Ngati kope likuonetsa mayi wobala ali ndi zaka 10 kapena 58, kapena bambo wobala mwana patapita zaka zitatu chimwalirireni, ndiye kuti mwaphatikiza anthu awiri. Ng'ambani pakati, aliyense apite patsamba lake.

Chiphaso cha unzika musachikhulupirire mopitirira. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo pa kalembera wa ziphaso wa 2017 okalamba ambiri analembetsa zaka zongoyerekeza. Chaka cha pachiphaso cha agogo chilowe m'kope ndi pensulo mpaka china chichivomereze.

Mapepala a m'nyumba

Pafupifupi banja lililonse lili ndi sutikesi yachitsulo pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati, loko wake wadzimbiri, m'kati mwake muli jumbo yomangidwa ndi kansalu. Pemphani kuti aitsegule. Mumapezeka kadi ya sikelo yong'ambika m'mapindiro, kadi ya ubatizo, setifiketi ya ukwati, chitupa cha msonkho, makadi a chipani, buku la ndalama la ku positi ofesi, makalata okhala ndi chidindo cha tsiku pa sitampa, ndi Baibulo limene patsamba loyamba wina ankalembapo mwana aliyense akabadwa, inki yake yosiyanasiyana malinga ndi chaka. Inki yosiyanayo ndi umboni wabwino, chifukwa ikusonyeza kuti ankalemba pa nthawi yake, osati kukumbukira zonse tsiku limodzi.

Zithunzi muzitembenuze. Kumbuyo kumakhala chidindo cha situdiyo kapena mawu a wotumiza. Muonetse agogo chithunzicho osanena kanthu, atchule okha amene alipo.

Musatenge chilichonse, pokhapokha mwiniwake atanena yekha. Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo, panja pamthunzi, ndipo zithunzizo mutumizenso kwa m'bale wokhala dera lina. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, masutikesi otere anapita ndi matope.

Kaundula wa mpingo

Kwa anthu wamba obadwa kale, mabuku a mipingo ndi amene analemba mayina ambiri kuposa a boma. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha kumangidwa mu 1891. Ku Mitsidi kunayamba mishoni mu 1892, PIM ku Chiradzulu mu 1900, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Nguludi mu 1903, Malamulo ku Thyolo mu 1902. Zaka zimenezi zikuthandizeni kudziwa kokayang'ana. Tchalitchi cha m'mudzi mwanu mwina chinaima pachokha posachedwa, ndiye ubatizo wa agogo uli m'buku la mishoni kapena parishi imene inkayang'anira derali pa nthawiyo.

Dzerani kwa abusa, bambo mfumu kapena mlembi wa mpingo wanu kuti akulozereni ndi kukulemberani kakalata. Mukapita mutenge mayina onse a munthuyo, dzina la mayi ake, mudzi, ndi zaka zimene mukuganizira. Mukangopita ndi dzina lokha mudzapeza anthu khumi, n'kusankha amene wakusangalatsani. Chimene mukufuna m'bukumo ndi mzere wa makolo ndi wa mudzi. Kwa Akatolika yang'ananinso m'mbali mwa mzere wa ubatizo, chifukwa ukwati wa munthuyo umalembedwanso pamenepo, ndipo dzina la mkazi kapena mwamuna wake limathetsa mkangano nthawi yomweyo. Kumbukirani kuti ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu atatha zaka m'kalasi, kotero tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa.

Kalembedwe kakale kasakusokonezeni. Phiri mungamupeze ali Piri, ndipo pamene lero timalemba "ch" ena ankalemba "c" yekha. Thyolo anali Cholo, Mulanje anali Mlanje, Ntcheu anali Ncheu, Nsanje anali Port Herald, Mangochi anali Fort Johnston, Machinga anali Kasupe. Munthu wa ku Phalombe wobadwa chisanafike chaka cha 1998 mapepala ake amati ndi wa ku Mulanje, ndipo wa ku Balaka amati ndi wa ku Machinga.

Ngati banja ndi lachisilamu, pitani kwa ashehe okalamba, ndipo mufunefune anthu amene anapita kujando limodzi ndi munthuyo. Amenewo amadziwa dzina lakale ndi latsopano lomwe, ndipo msinkhu wawo umakupatsani wake.

Kumanda

Kumanda a kumudzi simulowa nokha. Pemphani kwa amfumu, akupatseni adzukulu okuperekezani, ndipo m'midzi ya gule mumvere zimene akuuzani. Pachiliza khulupirirani tsiku lomwalira kuposa lobadwa, chifukwa ziliza zambiri zimamangidwa patapita zaka, ndipo chaka chobadwa amakambirana pomwepo mmisiri akudikira. Onani amene anagona pafupi ndi yani, popeza mbumba imodzi kawirikawiri imakhala mbali imodzi. Mumzinda muno yang'anani ku HHI kapena ku Misesa, koma ambiri omwalirira m'tauni ankawanyamula kupita nawo kwawo.

Amene anapita kunja

M'mabanja ambiri muli munthu amene anakwera ulendo wa ku Joni kapena ku Salisbury, amene lero ndi Harare. Ena anapita kudzera ku Wenela, ena ku Mthandizi, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito zakunja, ena wapansi. Apa chaka chothandiza ndi 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera kumigodi, ndipo boma linaimitsa ulendowu. Unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, dzina latsopano la Wenela limene anthu ankalitchula kuti Theba, mpaka 1988. Choncho wina akati "anapita pa Wenela" ndipo wina akati "anapita ku Theba", n'kutheka kuti akunena anthu awiri a mibadwo iwiri, kapena munthu mmodzi wa maulendo awiri. Funsani ngati anapita ndege isanagwe kapena itagwa kale.

Kumigodi ndi kuusilikali munthu ankadziwika ndi nambala. Mukapeza pepala, chitupa kapena mendulo ya msilikali wa KAR (gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) yokhala ndi nambala, ilembeni mosamala, chifukwa dzina angafanane nalo anthu zana koma nambala ndi yake yekha.

Matchona anasiya ana ku Harare, Bulawayo, Hwange ndi Johannesburg, ndipo lero adzukulu awo amafufuza kwawo pa Facebook. Ena ndi abale enieni, ndipo zimakhudza mtima kuona mmene amasungira dzina la boma ndi la mfumu limene agogo awo anawasiyira. Koma wina akakulemberani kuti "ndife amodzi", inu musayambe kumuuza mbiri yanu. Mufunseni iyeyo mudzi, mfumu, dzina la amake a agogo akewo, ndi abale amene anawasiya kuno. Mayankhowo mukawafananitse ndi kope. Wofulumira kupempha ndalama asanayankhe zimenezi, mwamudziwa kale.

Ku National Archives ku Zomba, imene inakhazikitsidwa mu 1947, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa mu 1882, pitani komaliza. Kumeneko kuli malipoti a abwanamkubwa, nkhani za mafumu, za maesiteti ndi za mishoni, mapu ndi nyuzipepala zakale. N'zothandiza podziwa kuti ufumu wina unali m'manja mwa yani chaka chakuti, kapena kuti mudzi unasamuka liti. Koma ngati agogo anu anali mlimi wamba, musayembekezere kukapeza fayilo ya dzina lawo. Wopita kumeneko asanakhale pamphasa ndi azakhali amangotaya ndalama ya minibasi.

Kulumikiza

Tsopano yalani masamba onse a dzina limodzi pamodzi. Masamba awiri muwaphatikize kukhala munthu mmodzi pokhapokha mayi, mudzi ndi nyengo zikugwirizana, ndipo umboni wake wachokera kwa anthu kapena mapepala awiri osadalirana. Azakhali ndi mwana wawo amene anamva kwa azakhali omwewo ndi umboni umodzi. Pamene zikukanika, asiyeni akhale anthu awiri, mulembe funso ndi pensulo pansi pake. Kuphatikiza pambuyo n'kosavuta, koma kulekanitsa anthu amene ana ndi adzukulu awo mwawasakaniza kale ndi ntchito ya mwezi wathunthu.

Jambulani mtengo wa banja papepala lalikulu, ngakhale kumbuyo kwa kalendala yakale. Ana muwaike pansi pa mayi awo, bere lililonse palokha, ndipo pa dzina lobwerezedwa muikepo nambala ndi dzina la m'mudzi lija: Yohane 14, wa njinga. Mukatero dikirani tsiku limene abale asonkhana, pomanga chiliza kapena pa Khirisimasi, muwerenge mokweza. Okalamba amene anakhala chete muli awiri amadzuka msanga akamva dzina laikidwa pa mayi wolakwika, ndipo zokonza zambiri zimabwera tsiku limenelo.

Si zonse zoyenera kuwerengedwa pagulu. Mukafufuza mokwanira mudzapeza mwana amene bambo ake si amene iye akuwadziwa, kapena ukwati wa anthu amene anali pachibale. Zotere zisalowe papepala lalikulu kapena pagulu la banja la pa WhatsApp. Zisungeni patsamba lapadera, mukambirane ndi mwinimbumba ngati pali chifukwa chenicheni, monga ukwati umene ukukonzedwa. Manambala a ziphaso ndi masiku obadwa a anthu amoyo nawonso asayende pa intaneti. Zotsalazo chititsani fotokope katatu, imodzi ipite kumudzi kwa mwinimbumba, imodzi kwa m'bale wa bere lina, imodzi ikhale ndi inu, ndipo pachikuto mulembe tsiku limene mwachititsa kuti wodzawonjezera adziwe poyambira.